Kutsata magwero a ndakatulo zazikulu za Chisansikiriti, kuchokera ku Aihole mpaka ku Kurukshetra

Lolemba, ku Aihole

Kachisi wa Meguti ali pamwamba pa kaphiri koyang'ana mudzi wa Aihole m'chigawo cha Karnataka ku India, ndipo wofuna kukamuona ayenera kulawirira, chifukwa miyala yofiira ya kuno imayamba kuotcha dzuwa likangokwera pang'ono. Ndayambira pano chifukwa pakhoma la kum'mawa la kachisiyu pali mwala wa mizere 19 umene unalembedwa chaka chake, chinthu chosowa kwambiri m'mbiri ya ndakatulo za Chisansikiriti, chiyankhulo chakale cha ku India. Chakacho, pa kawerengedwe kathu, ndi 634. Mlakatuli wake, Ravikirti, wa chipembedzo cha Jain, akutamanda mfumu Pulakeshin II ya banja la Chalukya chifukwa cha nkhondo zimene inapambana, kuphatikizapo ija inabweza mfumu Harsha ya kumpoto, kenaka chakumapeto akudzitamanda yekha kuti luso lake lamufikitsa pa kutchuka kwa Kalidasa ndi Bharavi.

Kudzitama kumeneku n'kumene kumatsimikizira ofufuza kuti alakatuli awiriwa anakhalako chisanafike chaka cha 634, koma ine chandigwira mtima ndi china. Ravikirti sakubisa kumene anaphunzira, ndipo amene anayerekeza ndime zake ndi za Raghuvamsha ya Kalidasa anapeza kuti mafanizo ena anawatenga kumeneko. Powerenga zaka sanadalire kalendala ya Shaka yokha, koma akunenanso kuti papita zaka 3735 chichitikire nkhondo ya a Bharata. Munthu wa Jain, m'bwalo la mfumu ya kumwera, akuyeza nthawi kuchokera pa nkhondo ya m'Mahabharata, imodzi mwa ndakatulo ziwiri zazikulu zakale za ku India, inayo kukhala Ramayana.

Bharavi amene akumutchulayo anachita chimodzimodzi. M'gawo lachitatu la Mahabharata, lonena za zaka zimene abale asanu a Pandava anakhala m'nkhalango, muli nkhani yaifupi ya Arjuna, mmodzi mwa abalewo. Iye anapita kumapiri a Himalaya kukadzizunza kuti milungu imupatse zida, mulungu Shiva anabwera atadzisandutsa mlenje, onse awiri analasa nguluwe imodzi, analimbirana nyamayo mpaka kumenyana, ndipo pamapeto pake Arjuna analandira chida chotchedwa Pashupata. Nkhani imeneyi Bharavi anaitambasula kukhala ndakatulo ya mitu 18, Kiratarjuniya, ataikamo mapiri, kulowa kwa dzuwa ndi kusambira kwa akazi a kumwamba. Sikunali kuba. Dandin, amene analemba malamulo a ndakatulo cha m'ma 700, akunena poyera kuti ndakatulo yaikulu, imene amaitcha mahakavya, nkhani yake ichokere m'mbiri yakale, ndipo mlakatuli aonetse luso lake pofotokoza mizinda, nyanja, nyengo, kutuluka kwa mwezi, maukwati ndi nkhondo. Magha anatenga imfa ya Shishupala m'gawo lachiwiri la Mahabharata n'kupanga mitu 20, ndipo Shriharsha, m'zaka za m'ma 1100, anatenga nkhani ya Nala ndi Damayanti n'kupanga mitu 22.

Madzulo ndinafika ku Pattadakal, kumene mfumukazi Lokamahadevi inamangitsa kachisi wa Virupaksha cha m'ma 740. Pakhoma lakunja pali Ravana, mfumu ya ku Lanka imene mu Ramayana inaba Sita mkazi wa Rama, akulimbana ndi mbalame Jatayu, ndipo nsanamira za m'kati zinasemedwa timizere ta zithunzi za Ramayana ndi Mahabharata. Alakatuli ndi osema miyala onse ankatunga pa zitsime ziwiri zimenezi. Chotsala n'kudziwa kumene zitsimezo zinatenga madzi ake.

Lachitatu, ku Pune

Bhandarkar Oriental Research Institute inakhazikitsidwa mu 1917, ndipo mu 1919 inayamba ntchito imene inatha mu 1966, yosonkhanitsa zolemba pamanja za Mahabharata ndi kufufuza mawu akale kwambiri amene zonsezo zinachokerako. Anayerekeza zolemba 1,259. Zina zinali pa makungwa a mitengo kuchokera ku Kashmir, m'zilembo za Sharada. Zina pa masamba a kanjedza kuchokera kumwera, m'zilembo za Grantha, Telugu ndi Malayalam. Zina pa mapepala m'zilembo za Devanagari ndi Bengali. V. S. Sukthankar, amene anatsogolera ntchitoyi kuyambira mu 1925 mpaka imfa yake mu 1943, anakhazikitsa lamulo lakuti ndime imene ikupezeka kumpoto ndi kumwera komwe ilowe m'buku, koma imene ikupezeka kudera limodzi lokha itsikire m'munsi mwa tsamba kapena kumapeto.

Tsamba la bukuli limaphunzitsa munthu asanawerenge n'komwe. Pamwamba pamakhala mizere yochepa ya ndakatulo m'zilembo zazikulu, ina itadulidwa kunsi ndi kamzere kokhotakhota kosonyeza kuti mkonzi sanakhutire ndi umboni wake, ndipo malo onse otsala amadzaza ndi tizilembo tating'ono tonena mmene zolemba zosiyanasiyana zinalembera mawu omwewo. M'tizilembo timeneti ndi mmene muli nkhani imene pafupifupi aliyense ku India amaidziwa, yakuti mulungu Ganesha ndiye ankalemba pamene Vyasa, amene mwambo umati ndiye anapeka Mahabharata, ankalakatula. Nkhaniyi ikusowa m'zolemba zambiri, kotero akonzi anaiona kuti inalowa mochedwa. Ndikuganiza kuti anaweruza bwino, ngakhale kuti wokonda nkhaniyo sangasangalale kuipeza pansi pa tsamba.

Mahabharata yeniyeniyo sibisa kuti inachita kukula. Kumayambiriro kwake ikunena kuti Vyasa anapanga Bharata ya ndime 24,000 yopanda nkhani zapambali. Nkhani zapambalizo ndi zambiri, ndipo zina zikuoneka kuti zinkayenda pazokha zisanalowe m'menemo, monga ya Nala, ya Savitri amene anatsatira Yama, mulungu wa imfa, mpaka kubweza moyo wa mwamuna wake, ya Shakuntala, ndiponso chidule cha nkhani ya Rama cha ndime pafupifupi 700. Umboni wakunja ukugwirizana ndi zimenezi. Zidutswa za buku limene linapezeka m'mapanga a Kizil kumadzulo kwa China, lolembedwa cha m'ma 200, zili ndi mndandanda wa magawo a Mahabharata umene sukufanana ndendende ndi wa lero, pamene chikalata cha mkuwa cha ku Khoh cha m'ma 533 chikuitchula kale kuti ndi buku la ndime 100,000. Ofufuza ambiri amaika kukula konseku pakati pa zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe ndi za m'ma 400 atabadwa.

Lachinayi, ku Vadodara

Ntchito yofanana ndi ya ku Pune inachitika kuno pa Ramayana, ku Oriental Institute ya yunivesite ya Maharaja Sayajirao, ndipo mabuku ake 7 anatuluka pakati pa 1960 ndi 1975. Chiyankhulo chimene ndikumva mumsewu ndi Chigujarati, chomwe chija timachimva m'masitolo ena a ku Limbe, popeza mabanja ambiri a Amwenye a kwathu anachokera m'chigawo chino.

Ramayana ndi yaifupi, ndime pafupifupi 24,000 pa kawerengedwe ka mwambo, ndipo imamveka ngati ya mlakatuli mmodzi kuposa Mahabharata. Komabe kuyambira pa Hermann Jacobi mu 1893, akatswiri ambiri amaona kuti gawo lachisanu ndi chiwiri ndi mbali zina za gawo loyamba zinaonjezedwa pambuyo pake, chifukwa m'menemo ndi mmene Rama akunenedwa kwambiri kuti ndi mulungu Vishnu wobadwa ngati munthu, pamene m'magawo apakati iye akulira, kukwiya ndi kutaya mtima monga mwana wa mfumu wina aliyense. Mzere umene amati Lakshmana, m'bale wake wa Rama, anajambula mozungulira khumbi kuti Sita asaudumphe mulibe m'ndakatulo ya Valmiki, amene mwambo umati ndiye anapeka Ramayana, ngakhale kuti ana a sukulu kuno amaudziwa onse.

Gawo loyambalo, kaya ndi lochedwa, likufotokoza bwino mmene eni mwambo ankaonera chiyambi cha luso lawo. Valmiki ali m'mbali mwa mtsinje wa Tamasa anaona mlenje akupha mbalame yaimuna ya mtundu wa krauncha ili ndi yaikazi yake, ndipo temberero limene linatuluka pakamwa pake chifukwa cha chisoni linatuluka loyezedwa, mapazi anayi a maphatikizo 8 lililonse. Mwambo umati imeneyo ndiyo shloka yoyamba, mtundu wa ndime umene uli wochuluka m'ndakatulo ziwirizi. Koma muyeso wa maphatikizo 32 ulipo kale m'nyimbo za Rigveda, buku lakale kwambiri mwa malemba opatulika a Ahindu otchedwa Veda, m'mene umatchedwa anushtubh, ndipo shloka ndi mdzukulu wake wosalazidwa. Kenaka Valmiki akuphunzitsa ndakatuloyo ana amapasa a Sita, Kusha ndi Lava, kuti aziiyimba ndi zoimbira za zingwe m'misewu ndi pamabwalo a nsembe. Mfundo imeneyi ndiisunge kufikira ku Naimisharanya.

Loweruka, ku Junagadh

Pamsewu wopita kuphiri la Girnar pali chimwala chakuda chimene anachimangira nyumba, ndipo mafumu atatu analembapo pa nthawi zotalikirana. Woyamba ndi Ashoka, cha m'ma 250 Khristu asanabadwe, amene malamulo ake 14 ali m'Chiprakriti, chiyankhulo cha anthu wamba, m'ziganizo zosakometsera. Wachiwiri ndi Rudradaman, cha m'chaka cha 150. Wachitatu ndi Skandagupta, cha m'ma 456. Ndinaima nthawi yaitali pa zolemba zachiwirizo, zimene zilembo zake zinafufutika pena ndi pena, pamene gulu la ana a sukulu linkadutsa mofulumira kuthamangira phirilo.

Nkhani yake ndi ya damu. Nyanja yokumba ya Sudarshana inamangidwa ndi bwanamkubwa Pushyagupta m'nthawi ya Chandragupta Maurya, ndipo Tushaspha anaikumbira ngalande m'nthawi ya Ashoka. Mvula yamkuntho inagumula khoma lake, madzi onse anathawa, ndipo Rudradaman analimanganso lolimba katatu ndi chuma cha m'nkhokwe yake, osakhometsa anthu msonkho wapadera kapena kuwagwiritsa thangata. Chodabwitsa ndi kalembedwe kake. Mkunthowo ukufotokozedwa ndi mawu ataliatali olumikizana, ukuzula mitengo ndi kugwetsa nsonga za mapiri ndi zipata, ndipo mfumuyo ikutamandidwa kuti imadziwa malamulo a chiyankhulo, nyimbo, ndiponso kupeka zolemba zoyezedwa ndi zosayezedwa zomveka bwino, zokoma ndi zokongoletsedwa. Izi ndi zina mwa zolemba zazitali zoyambirira za pamwala m'Chisansikiriti chokometsera, ndipo mfumu imene inazilembetsa inali ya mtundu wa Shaka, umene makolo ake anachokera ku Central Asia.

Apa ndi pamene ndaona gwero limene silitchulidwa kawirikawiri, ndilo ntchito yotamanda mafumu. Mlakatuli wa kubwalo ankalipidwa kuti damu, kachisi kapena nkhondo zimveke zazikulu, ndipo zida zimene anazinolera pa ntchito imeneyo ndi zomwezo zimene zinalowa m'mahakavya. Chipilala cha ku Prayagraj chili ndi chitamando cha Harishena chonena za mafumu amene Samudragupta anawagonjetsa kumbali zonse m'zaka za m'ma 300, ndipo akatswiri akhala akuchiyerekeza ndi mutu wachinayi wa Raghuvamsha, m'mene mfumu Raghu ikuzungulira dziko ndi asilikali ake mpaka kukakumana ndi a Huna kumpoto chakumadzulo.

Lolemba, ku Ujjain

Mzinda uno umadzitcha kwawo kwa Kalidasa, ndipo uli ndi chifukwa, popeza m'ndakatulo yake ya Meghaduta iye akuuza mtambo kuti upatuke panjira yake yopita kumpoto n'cholinga choti usaphonye Ujjayini (dzina lakale la Ujjain), mtsinje wa Shipra ndi kachisi wa Mahakala. Madzulo pa doko la Ram Ghat ansembe amazunguza nyali zamkuwa kwinaku mabelu akulira, ndipo m'ndakatulo ija mtambo ukupemphedwa kuti ugunde ngati ng'oma pa mapemphero a madzulo a m'kachisi yemweyo. Akatswiri ambiri amamuika Kalidasa cha m'ma 400, m'nthawi ya mafumu a Gupta.

Kumayambiriro kwa Raghuvamsha iye akunena yekha kuti alakatuli akale anatsegula kale khomo la mawu pa nkhani ya banja la Raghu, ndipo iye akungolowa monga ulusi ulowera m'mwala wamtengo wapatali umene dayamondi anauboola kale. Woboola woyamba ndi Valmiki, ndipo mitu ya pakati ya ndakatuloyi ikufupikitsa Ramayana yonse. Koma pakati pa awiriwa pali munthu wina amene okonda Kalidasa samuyamikira mokwanira, Ashvaghosha, M'buda wobadwira ku Saketa, amene anakhala cha m'ma 100. Ndakatulo yake ya moyo wa Buddha, Buddhacharita, inali ndi mitu 28. M'Chisansikiriti munatsala theka loyamba lokha, ndipo zotsalazo timazidziwa kudzera m'Chitchaina ndi Chitibeti. Iye akutchula Valmiki ndi Vyasa ndi mayina m'mutu woyamba.

Chitsanzo chimodzi chikuonetsa mmene luso linkayendera kuchoka m'manja kupita m'manja. Mu Ramayana, Hanuman, nyani wothandiza Rama, akulowa m'nyumba ya Ravana usiku n'kupeza akazi ali m'tulo, ena atakumbatira ng'oma ndi zoimbira zawo, ndipo mlakatuli akuwafotokoza ngati okongola. Ashvaghosha ali ndi chithunzi chomwecho cha akazi ogona ndi zoimbira m'manja, koma kwa iye ena akuliza mkonono, ena ali kukamwa yasa, ndipo kalonga Siddhartha, amene anadzakhala Buddha, akunyansidwa n'kutsimikiza zochoka panyumba usiku womwewo. Ashvaghosha alinso ndi akazi a mumzinda amene akuthamangira kumazenera kuti aone kalonga akudutsa, akupanikizana mpaka ndolo zawo kugundana. Kalidasa ali ndi chithunzi chimenechi kawiri, paukwati wa Aja mu Raghuvamsha ndi paukwati wa Shiva mu Kumarasambhava, koma iye akuyang'ana mkazi mmodzimmodzi. Wina akuthamanga atagwira tsitsi lomasuka ndi dzanja, wina wachotsa phazi m'manja mwa womupaka utoto wofiira n'kusiya zidindo zonyowa mpaka pazenera, wina wapaka diso limodzi lokha ndipo kamtengo kopakira kadakali m'dzanja. Kwa ine Kalidasa akupambana, koma akupambana pa bwalo limene anzake analambula.

Nayenso ena anayamba kumutengera msanga. Ku Mandsaur, kumpoto chakumadzulo kwa kuno, owomba nsalu za silika amene anasamuka ku Gujarat anamanga kachisi wa dzuwa, ndipo pomukonzanso mu 473 analemba ganyu mlakatuli Vatsabhatti, amene ndime zake za nyumba zazitali zoyera ndi nyengo yozizira zikukumbutsa kwambiri Meghaduta ndi ndakatulo ya nyengo, Ritusamhara.

Lachiwiri, ku Sanchi ndi Vidisha

Zipata zinayi za chulu chachikulu chopatulika chimene Abuda anamanga ku Sanchi zinasemedwa cha m'nthawi imene Khristu anabadwa, ndipo pachipata cha kumwera pali mawu akuti mbali ina anaisema ndi amisiri a minyanga ya njovu a ku Vidisha. Zimaoneka, chifukwa mwala anaugwira ngati chinthu chofewa. Pachipata cha kumadzulo pali nkhani ya Sama, mnyamata amene ankasamalira makolo ake osaona m'nkhalango, ndipo mfumu ya ku Varanasi inamulasa ndi muvi akutunga madzi. Aliyense wodziwa Ramayana angaizindikire. Dasharatha, bambo wake wa Rama, ali pafupi kufa ndi chisoni cha Rama akukumbukira kuti ali mnyamata analasa mumdima m'mbali mwa mtsinje wa Sarayu atamva mtsuko ukudzaza madzi, poyesa kuti ndi njovu ikumwa, ndipo bambo wosaona wa mnyamata wophedwayo anamutemberera kuti nayenso adzafa ndi chisoni cha mwana. Kwa Abuda mnyamatayo akutsitsimuka ndipo makolo ake akupenya. Kwa Valmiki akufa, ndipo imfa yake ikukhala muzu wa tsoka la mfumu.

Pachipata cha kumpoto pali kalonga Vessantara, wopirikitsidwira kunkhalango pamodzi ndi mkazi wake amene wakana kutsala. Nkhani ziwirizi ndi za m'gulu la Jataka, nkhani za miyoyo yakale ya Buddha, ndipo m'mabuku a gululi mulinso ya Dasharatha, m'mene Rama, Lakkhana ndi Sita ndi ana a bambo mmodzi, akukhala ku Himalaya zaka 12, nkhwayira za Rama zikulamulira pampando m'malo mwake, ndipo mulibe Ravana kapena Lanka. Akatswiri amatsutsana ngati imeneyi ili yakale kuposa ya Valmiki, popeza ndime zake ndi zakale koma nkhani yozizungulira inalembedwa m'zaka za m'ma 400. Ine ndikuona kuti mtsutsowo ukuphonya chinthu chachikulu, chakuti Abuda, a Jain ndi ansembe a Veda ankamva nkhani zomwezo m'midzi imodzimodzi, ndipo aliyense ankazikhotetsera ku chiphunzitso chake. Ngakhale mphete ya chizindikiro imene Kalidasa anaika m'sewero la Shakuntala, imene mulibe m'Mahabharata, ikupezeka m'Jataka ya mkazi wotola nkhuni amene mfumu inamukana pamodzi ndi mwana wake.

Pafupi ndi Vidisha pali chipilala chimene Heliodorus, kazembe wa Chigiriki wochokera ku Taxila, anaimika cha m'ma 110 Khristu asanabadwe polemekeza Vasudeva, amene ndi mulungu Krishna. Kunsi kwake analembapo makhalidwe atatu ofikitsa kumwamba, kudziletsa, kupatsa ndi kukhala tcheru, ndipo atatu omwewo akupezeka pamodzi m'Mahabharata. Mu 1870 Albrecht Weber ananena kuti kubedwa kwa Sita ndi nkhondo ya ku Lanka zinatengera Homer, mlakatuli wakale wa Chigiriki, ndipo K. T. Telang anamutsutsa mu 1873. Lero ndi ochepa amene amatsatira Weber. Mwala umene ndauona kuno ukuonetsa Mgiriki akuphunzira kwa Amwenye.

Lachinayi, ku Naimisharanya

Malo ano ali m'boma la Sitapur, m'mbali mwa mtsinje wa Gomti, ndipo nkhalango imene dzina lake likunena inasanduka minda, timasitolo ta maluwa ndi nyumba zogona alendo achipembedzo. Anthu amasamba mozungulira dziwe lozungulira la Chakra Tirth, ndipo wotiperekeza anationetsa mpando umene amati Vyasa ankakhalapo. Sindinatsutsane nawo bambowo, popeza chimene ndinadzera si mpando koma mmene Mahabharata imayambira.

Ikuyamba ndi mlendo. Ugrashravas, mwana wa Lomaharshana, akufika pamene Shaunaka ndi anzake akuchita nsembe ya zaka 12, akupatsidwa pokhala, ndipo akufunsidwa kumene akuchokera. Iye akuyankha kuti anali pa nsembe ya njoka ya mfumu Janamejaya, kumene anamva Vaishampayana akusimba zimene anaphunzira kwa Vyasa. M'kati mwa nkhaniyo, nkhondo yonse ya masiku 18 ikusimbidwa ndi Sanjaya kwa mfumu yosaona Dhritarashtra. Ugrashravas ndi Sanjaya onse ndi a gulu la suta, anthu amene ankayendetsa magaleta a mafumu, kusunga mibadwo ya makolo awo ndi kuwatamanda. Woyendetsa galeta ndiye ankaona nkhondo pafupi n'kubwerako wamoyo, choncho n'zomveka kuti iye ndiye anali wosimba.

Mabuku a nsembe akusonyeza malo amene nkhani zotere zinkanenedwa. Shatapatha Brahmana ikufotokoza kuti pa nsembe ya kavalo, chaka chonse chimene kavaloyo akuyendayenda, wansembe ankasimba nkhani zosinthana masiku khumikhumi, ndipo oimba awiri ndi zoimbira za zingwe ankaimba, wina za mphatso zimene mfumu inapereka, wina za nkhondo zimene inapambana. Chandogya Upanishad ikutcha mbiri ndi nkhani zakale kuti Veda yachisanu. Zizindikiro za pakamwa zidakalipo m'ndime zenizenizo, chifukwa mayina okometsera monga nyalugwe mwa anthu, ng'ombe yamphongo ya a Bharata, wamikono yamphamvu, akubwera mobwerezabwereza pamene muyeso ukufuna kudzazidwa. Amagwira ntchito yonga ya "tili tonse" pa nthano za kwathu, kumupatsa wosimba mpata wopuma ndi kukonza chiganizo chotsatira.

Loweruka, ku Kurukshetra

Ndinadzera ku Delhi, kumene linga la Purana Qila limanenedwa kuti lili pamalo a Indraprastha, mzinda wa a Pandava. Kuno ku Kurukshetra, kumene amati nkhondo ya m'Mahabharata inachitikira, kuli dziwe lalikulu la Brahma Sarovar, ndipo ku Jyotisar kuli mtengo wa banyan, wa mtundu wa kachere, umene amati Krishna analankhulirapo Bhagavad Gita, chiphunzitso chake kwa Arjuna nkhondo isanayambe. Dziko lake ndi lathyathyathya, la tirigu ndi mpunga, ndipo palibe chimene diso lingaone chotsimikizira nkhondo. Pakati pa 1950 ndi 1952 B. B. Lal anakumba ku Hastinapur, likulu la a Kuru, banja lachifumu la m'Mahabharata, n'kupeza mbale zotuwa zopyapyala zojambulidwa mizere yakuda, zofanana ndi zimene zimapezeka m'malo ambiri otchulidwa m'Mahabharata, ndiponso zizindikiro za chigumula cha mtsinje wa Ganga chimene chinakokolola mbali ya mudziwo. Mabuku a Purana amanena kuti mfumu Nichakshu inasamutsira likulu ku Kaushambi chifukwa cha chigumula chotero. Koma nyumba za anthu a mbalezo zinali zadothi, osati nyumba zachifumu za ngale zimene ndakatulo ikufotokoza.

Mabuku a Veda akupereka zambiri kuposa nthaka. Shantanu, kholo la a Pandava ndi adani awo omwe, ndi m'bale wake Devapi ali kale mu Rigveda. Dhritarashtra mwana wa Vichitravirya akutchulidwa mu Kathaka Samhita, Janamejaya akutchulidwa m'mabuku a Brahmana monga mfumu yochita nsembe zazikulu, ndipo Shatapatha Brahmana ikudziwa Shakuntala monga mayi wa Bharata, ndiponso nkhani ya Manu ndi nsomba imene inamupulumutsa ku chigumula. Atharvaveda ili ndi nyimbo yotamanda ufumu wa Parikshit wa a Kuru, m'mene mkazi akufunsa mwamuna wake chimene amubweretsere, chambiko, chakumwa chovundula kapena mowa, posonyeza kuti m'dziko la mfumuyo munalibe chosowa. Pofika nthawi ya Brihadaranyaka Upanishad banja limeneli linali litatha kale, moti anzeru ankayesana ndi funso lakuti ana a Parikshit anapita kuti.

Ngakhale juga imene inagwetsa Yudhishthira, wamkulu mwa a Pandava, ili ndi makolo ake. M'buku lakhumi la Rigveda muli kudandaula kwa wotchova juga amene mkazi wake wamukana, apongozi ake akudana naye, ndipo anthu ena akugwiragwira mkaziyo chifukwa cha ngongole zake. Mwambo wa rajasuya, wodzoza mfumu, unali ndi mbali yakuti mfumu iponye mayere a juga, ndipo J. A. B. van Buitenen mu 1972 anafotokoza kuti gawo lachiwiri la Mahabharata linamangidwa motsatira ndondomeko ya mwambo umenewu, kungoti m'mwambo mfumu imapambana, pamene m'ndakatulo ikuluza ufumu, abale ake, iyo mwini ndi mkazi wake. Ndikuona kuti kufotokoza kumeneku n'komveka kuposa kungonena kuti mfumu yolungama inali ndi chilema cha juga.

Amene akusowa m'mabuku onse a Veda ndi a Pandava eni ake. Mayina a ku banja la adani awo, monga Dhritarashtra, ndi a zidzukulu zawo, monga Parikshit ndi Janamejaya, alimo, koma abale asanuwo pamodzi ndi mkazi wawo mmodzi mulibe, ndipo umboni woyambirira wakunja ndi wa Panini, katswiri wa malamulo a chiyankhulo wa zaka za m'ma 300 kapena 400 Khristu asanabadwe, amene ali ndi lamulo lopangira dzina la munthu wopembedza Vasudeva ndi Arjuna. Stig Wikander mu 1947, ndipo pambuyo pake Georges Dumézil, anaona kuti abalewa akutsata ndondomeko ya milungu imene ndakatulo ikuti inawabereka, Dharma kwa Yudhishthira, Vayu kwa Bhima, Indra kwa Arjuna ndi mapasa a Ashvin kwa Nakula ndi Sahadeva, ndipo anaganiza kuti nkhani za milungu yakale zinavekedwa matupi a anthu n'kulowetsedwa m'mbiri ya a Kuru. Si onse amene amavomereza zimenezi, koma palibe amene wapeza Arjuna mwana wa Pandu m'nyimbo za Veda.